Sabata yomwe tinasiya kulanga ana ndi zinyalala

Ndimaphunzitsa jogalafe pasukulu ina ku Mabvuku, dera la mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, ndipo ahedi anandisenzetsa udindo wokonzekera tsiku loyeretsa, lija boma linakhazikitsa mu Disembala 2018 kuti Lachisanu loyamba la mwezi uliwonse anthu azisesa m'madera mwawo. Lolemba ndinalowa mu Fomu 2 ndi zithunzi zokongola za kusintha kwa nyengo. Ana anamvetsera mwaulemu. Belu litalira, mapepala a maswiti anali mbwee pakhonde ngati sindinanene kanthu.

Amene ananditsegula m'maso ndi bambo osamalira pabwalo, mkulu amene makolo awo anachokera ku Dedza nthawi ya Nyasaland. Tikakumana pamjigo timacheza Chichewa.

"Aphunzitsi, mwana akachedwa mumampatsa chilango chanji?"

"Kutola zinyalala, bambo."

"Ndiye Lachisanu mukufuna atole akumwetulira?"

Ndinasowa chonena. Lachiwiri ndinapempha aphunzitsi anzanga kuti ochedwa tiziwalanga mwanjira ina. Ena anang'ung'udza, koma anavomera kuyesa.

Lachitatu zithunzi zija ndinazisiya m'kabati, n'kufunsa ana za madzi. Apa ndiye kalasi inadzuka. Mwana aliyense wa kuno amadziwa kulemera kwa chigubu komanso mzere wa pamjigo m'bandakucha. Tinakamba za nyanja ya Chivero, kumene mzinda umatapa madzi akumwa koma n'komwenso zonyansa zathu zimakathera. Tinakumbutsana za kolera ya 2018 ku Glen View ndi Budiriro, madera ena a mumzinda womwewu. Mtsikana wina amene sakonda kuyankhula anafotokoza mmene mabotolo amatsekera ngalande ya kwawo, madzi oipa n'kusefukira pakhomo mvula ikagwa. Za madzi oundana a kutali uko palibe anafunsapo.

Lachinayi kalasi iliyonse inalandira matumba ake. Tinagwirizana kuti mabotolo ndi zitini tigulitse kwa anthu ogula pa kilo, ndalama zikhale za kalasiyo. Anyamata a Fomu 3 ankafuna mpira, atsikana ankafuna ndowa ndi sopo kuchimbudzi. Anakangana mpaka mawu kusasa, ine phee, chifukwa aka kanali koyamba kuwaona akulimbirana chinthu cha pasukulu ngati chawo. A Fomu 4 okha sanatekeseke, mitima yawo ili pamayeso a bungwe loyendetsa mayeso la ZIMSEC.

Lachisanu matumba anadzaza nthawi ya bureki isanakwane. Komatu nditasuzumira bwino ndinapeza kuti mabotolo ambiri anachokera kumakwawo ndi kumashopu, pofuna kuposa kalasi inzawo. Makoko a nthochi ndi zitsononkho, zomwe palibe amagula, zinali pomwe zinagwera.

Bambo aja anangoseka. Anaitana ana a Fomu 1, n'kuwaonetsa dzenje la manyowa kuseri kwa dimba, nawalonjeza bedi lawolawo la repu akalidzaza. Pamene ndinkapita kukakwera kombi, ana asanu anali akukanganirana wilibala.