Kakhadi kali m'thumba la jekete

Ndi Lachiwiri usiku, kapena kwacha kale Lachitatu, kaya. Tulo takana, ndiye ndingolemba.

Zala zikunyerenyetsabe ndi minga ya masana aja, koma chondisowetsa mtendere ndi bambo uja wa makhadi.

Tinakumana monga timachitira ife okonda maluwa, kuti tikumbutsane kadulidwe ka marozi nyengo yozizira isanathe, mitengo isanayambe kuphukira. Mayi wina wachikulire, amene kawirikawiri amangokhala phee kumbuyo, anafunsa funso. Rozi lawo latulutsa nthambi zazitali zamphamvu, zamasamba ang'onoang'ono, koma nthambizo sizibereka duwa lomwe ankalidziwa, ndipo zakale zija zikunka zifota. Atani?

Bambo uja anadzuka, mano onse pamtunda. "Mayi, kavuto kameneko n'kakang'ono. Ndipezeni, ndi ntchito yanga imeneyo." Dzanja m'thumba. Kakhadi kwa mayiwo, kakhadi kwa ine, kakhadi ngakhale kwa mnyamata amene anangobwera kudzaperekeza azakhali ake. Yankho osapereka, n'kukhala pansi.

Chikundiwawa n'choti yankholo akulidziwa. Akanakhala mbuli bwenzi nditangoseka. Koma ndinaona mmene anagwirira chodulira chake, munthuyu marozi amawadziwa kuposa ine. Anangolitsekera m'kamwa dala kuti mayiwo akalipire kaye.

Ndinagwada pa rozi lomwe linali pafupi n'kuwaonetsa. Ndinati, Amayi, marozi ambiri ogula amakhala omezanitsa. Pamwamba ndi mtundu wa maluwa okongolawo, pansi ndi mtundu wina wolimba umene ntchito yake ndi mizu basi. Onani kachotupa aka m'munsi mwa tsinde, apa ndi pomwe anamezanitsa. Mphukira iliyonse yochokera pansi pa kachotupaka ndi ya mizu ija, ndipo ikulanda chakudya cha rozi lanu. Fukulani dothi, mupeze pomwe yamerera, muikhadzule ndi dzanja. Mukangoidula pamwamba pa dothi iphukanso, mwina ziwiri.

Mayiwo anangoti, "Basi? Zomwezo?" Eya, zomwezo.

Apa bambo uja anadzukanso. "Achemwali anena zoona, komatu pali kadulidwe kena kapadera kamene ndimaphunzitsa." Kapadera! Ndinamva kutentha m'makutu. Chinsinsi chake chili pati? Umachotsa nthambi zouma, zodwala ndi zokhulana. Umatsegula pakati kuti mphepo izidutsa, chifukwa matenda a mawanga akuda aja amakonda masamba okhalitsa ndi chinyezi. Umadula pafupifupi mamilimita 5 pamwamba pa diso (pomwe pamatulukira mphukira) loyang'ana kunja, mopendeka kuti madzi asakhalepo. Mkati mwa nthambi mukakhala mofiirira, umatsitsabe mpaka upeze poyera. Marozi oyanga amene amachita maluwa kamodzi pachaka umawasiya mpaka maluwawo atatha, apo ayi wadula maluwa a chaka chimenecho. Zonsezi anthu akhala akuuzana ulere.

Ndinatsala pang'ono kumuuza za ku St Albans ku England. M'zaka za m'ma 1990 bungwe la okonda marozi la Royal National Rose Society linayerekeza marozi odulidwa mosamala ndi ena ongometedwa ndi makina odulira mpanda wa maluwa, ndipo ometedwawo anachita maluwa bwinobwino osaperewera. Rozi ndi mtengo wopirira. Koma ndinadzigwira, ndinaona kuti ndikungofuna kumuchititsa manyazi pagulu.

Sindikunena kuti munthu asatchule ntchito yake. Aliyense amadya thukuta lake. Akanayankha mayi aja mokwanira, kenako n'kunena kamodzi kuti amene akufuna womudulira andipeze, ine ndemwe ndikanapempha khadi. Munthu ukamuthandiza amakufunafuna yekha. Koma kasanu konse! Wina afunse za feteleza, "zili pakhadipo". Wina afunse za nsabwe za m'masamba, "tidzakambirana mukabwera". Pofika kumapeto anthu analeka kufunsa, ndipo mtsikana amene anabwera ndi nthambi yodwala atakulunga papepala anabwerera nayo osaionetsa. Chimenecho ndiye chandipweteka kwambiri.

Tsono apa ndi pamene mtima wanga ukundivuta. Pobalalika ndinauza anthu awiri atatu kuti ndili ndi timitengo ta marozi tomwe ndinabzala kuchokera ku nthambi, aliyense wofuna abwere adzatenge. Ulere, inde. Koma ndinanena mokweza, bambo uja akumva, ndipo ndinasangalala mayi aja atandigwira dzanja n'kunena kuti mwana wanga iwe ndiye ukudziwa. Kodi ine sindimadzitsatsa? Iye amafuna ndalama, ine ndimafuna kutamidwa. Mwina kusiyana kulipo. Ndakhala ndikukufufuza kuyambira madzulo.

Kunja kwayamba kamphepo. Marozi anga awiri akumpanda sindinawadulirebe, ndakhala ndikuzengereza sabata yonse chifukwa chodulira changa chabuntha, chikumatafuna nthambi m'malo modula, ndipo bala lotero limachedwa kupola. Posachedwapa pofuna kiyi m'thumba la jekete ndapeza kakhadi kaja. Ndimati ndikataye. Pansi pake, m'timalemba ting'onoting'ono, palembedwa kuti amanolanso zodulira.

Ndakabwezera m'thumba momwemo.