Paula wa ku Worpswede

Abale, dzulo ndagona mochedwa ndikuyang'ana zithunzi za Paula Modersohn-Becker, mayi wojambula wa ku Germany. M'nthawi yake sukulu zaboma za luso lojambula zinkakana akazi, zinadzayamba kuwalandira mu 1919. Iye anakaphunzira kusukulu ya akazi okhaokha ku Berlin, kenako n'kumapitapita ku Paris. Kumudzi wa Worpswede ankajambula amayi osauka akuyamwitsa ndi nkhalamba zotopa, nkhope zolimba, osazikometsa ngakhale pang'ono. Mu 1906 anafika podzijambula yekha ali wosavala, kulimba mtima kwake! Chaka chotsatira anamwalira patangopita masiku ochepa atabereka mwana wamkazi, ali ndi zaka 31 zokha. Chimandiwawa n'chakuti anthu anadzamutama atapita kale. Nyumba yosungira zithunzi zake inatsegulidwa ku Bremen mu 1927.