Lipoti la ulendo wathu wa ku phanga la Kalemba, Chadiza

Anzanga amene munatsala, mwaphonya zedi. Tinanyamuka pa Chipata m'mamawa pa kanta, msewu wa ku Chadiza mukuudziwa kale sindikambapo. Tisanakwere phiri tinayamba tapita kukaonekera kwa anyakwawa, iwo ndiwo anatipatsa mnyamata wotitsogolera.

Kalemba si phanga lolowa mkati mwa mdima ayi, ndi chimwala chachikulu chowerama ngati khonde, gulu lonse tinakwanamo malo n'kutsala. Aticha athu a histole anafotokoza kuti David Phillipson, katswiri wofukula zinthu zakale, anakumba pomwepa mu 1971, yemwe uja anakumbanso ku mapanga a Makwe ndi Thandwe, ndipo zimene anapeza pansi penipeni zinaonetsa kuti anthu anayamba kukhala pamenepa zaka zoposa 35,000 zapitazo. M'munsi munali zida za miyala zikuluzikulu, pamwamba pake timiyala tating'ono takuthwa tomwe ankaika ku mivi, kenako mapale a mbiya, mpaka mafupa a anthu oikidwa momwemo. Ife timati mbiri ya kuno imayambira pa Kalonga ndi Undi, kapena pa Angoni kuwoloka Zambezi mu 1835, koma apa zonsezo ndi za dzulodzuloli.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi zojambula zoyera pa mwala, zopaka ndi chala, dothi lake lokhuthala moti mzere wa chala ukuoneka. Zofiira za m'mapanga a kuno, zozungulira ndi mizeremizere zija, amati ndi za Akafula, koma zoyerazi ndi za makolo athu Achewa, za chinamwali ndi Nyau. Amayi ena achikulire m'gulu lathu, omwe ndi anamkungwi kumudzi kwawo, atangoyang'ana chimodzi chotambasula miyendo anagwira pakamwa n'kuti "ana inu, ichi sichikambidwa pali amuna." Tinawanyengerera anakana ndithu, azimayi anapita nawo pambali ife n'kutsala tikuyang'ana mwala.

Chondiwawa n'chakuti pena anthu analemba maina awo ndi makala pafupi ndi zojambulazo. Ku Malawi za ku Chongoni zinalowa pa mndandanda wa UNESCO wa malo ofunika kutetezedwa pa dziko lonse mu 2006, zathuzi n'zamtundu womwewo koma ana a sukulu ambiri mu Chipata sanamvepo dzina loti Kalemba.

Tagwirizana kulembera kalata a National Heritage Conservation Commission, bungwe losamalira malo akale ngati amenewa, kuti atiuze mmene tingathandizire. Ulendo wotsatira ndi wa ku Thandwe mvula isanayambe, zopereka za transipoti muzipereka kwa asungichuma, ndipo nsapato zoterera musiye kunyumba.