Ndisanatsegule foni ya munthu: zomwe ndikuphunzira pa benchi ku Limbe

Masana ndimakhala pa benchi ya abwana ena okonza mafoni ku Limbe, ndipo madzulo ndikafika kwathu ku Bangwe ndimawerenga manotsi a mayeso a CompTIA A+, a ntchito yokonza makompyuta ndi mafoni, magetsi akakhala kuti alipo. Anzanga akamandifunsa kuti ndafika pati amayembekeza kumva za kuwotcherera ndi kusintha sikirini. Zimenezo zikubwera pang'onopang'ono, koma chachikulu chimene ndagwira mpaka pano ndi kufunsa mafunso komanso kuyamba ndi zinthu zotchipa.

M'manotsimo muli ndondomeko ya masitepe 6: udziwe vuto lenileni, uganizire chomwe chalibweretsa, uyese ngati ganizo lakolo n'loona, ukonze, utsimikize kuti zonse zikugwira ntchito, kenako ulembe zomwe wachita. Abwana anga sanawerengepo zimenezi, koma ndi mmene amagwirira ntchito. Munthu akafika n'kunena kuti foni yafa, iwo sathamangira kuilandira. "Yafa bwanji, achimwene? Inazima yokha kapena munali mukutchaja? Inagwa? Mwana anaigwirako? Mwaikamo chiyani chachilendo sabata ino?" Ena amanyansidwa nawo mafunsowa, poti akufuna kukwera minibasi, koma abwana amangoseka n'kuwakumbutsa kuti safunsa anadya phula.

Mayi wina wogulitsa masamba mumsika anabwera ndi kafoni ka Itel kosalowa moto. Kwina anali atauzidwa kale kuti pakufunika kusintha potchajira ponse. Abwana anayamba ndi chingwe china, osasintha kanthu kena kalikonse. Sizinatheke. Anasintha mutu wa chaja, osathekabe. Ndiyeno anathimitsa foniyo, n'kuwalitsa tochi pakabowo kotchajira, n'kundipatsa kamtengo kotokosera m'mano. "Pang'onopang'ono, usakankhe." Zomwe zinatuluka mmenemo! Ulusi wa chitenje, fumbi, ndi kanyenyeswa ka tsamba louma, zonse zitatsendereka pansi moti chingwe sichinkafika pomwe chimayenera kugunda. Titalumikizanso, kachizindikiro ka batire kanayaka. Mayiwo anafunsa mtengo, abwana anati angotibweretsera tomato mawa.

Singano kapena phini sizilowa pamenepo, chifukwa chitsulo chimatha kugunditsa timano tam'kati kapena kutithyola. Koma chomwe ndinatengapo kwambiri ndi dongosolo lake: chingwe, mutu wa chaja, soketi, kabowo, batire, ndipo bodi, yomwe imanyamula tizipangizo tonse ta m'kati, pomalizira. Komanso kusintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Ukasintha zitatu nthawi imodzi foni n'kuyaka, sudziwa chomwe chinali chakufa, ndipo kasitomala alipira zonse zitatu.

Foni yokana intaneti nayo imayenda chimodzimodzi. Bandulo ilipo? Data ndi yoyatsa? Kandege kaja kothimitsa netiweki sikanadinidwe mwangozi? Simu khadi ikaikidwa m'foni ina n'kugwira bwinobwino, ndiye kuti vuto si la TNM kapena Airtel, lili m'foni momwemo, kawirikawiri pa APN, pomwe pamalembedwa njira yolumikizira foni ku intaneti ya kampaniyo. Za foni yogwera m'madzi ndingonena mwachidule: ithimitseni, musaitchaje, ndipo kuiika mu mpunga sikuthandiza kanthu. Batire yofufuma musaiboole kapena kuipanikiza, imatha kuyaka moto.

Pomwe ndimasiyana maganizo ndi amisiri ambiri am'tauni muno ndi pa nkhani ya kufulasha, kutanthauza kufufuta zonse za m'foni n'kuikamo pulogalamu yoiyendetsa mwatsopano. Foni ikangochedwa pang'ono, yankho limakhala "tiifulashe". N'zachangu, ndalama yake ndi yooneka, ndipo foni imabwereradi ikuthamanga. Koma zithunzi za ukwati, manambala a makasitomala ndi mauthenga onse zapita. Ndiye pali msampha wina. Kuyambira pa Android 5.1, yomwe inatuluka mu 2015, foni yofufutidwa popanda kuchotsamo kaye akaunti imafuna akaunti ya Google yomwe inalimo kale isanalole munthu kulowa. Anaikamo zimenezi pofuna kukhaulitsa akuba. Vuto kwathu kuno n'lakuti anthu ambiri akaunti inatsegulidwa ndi mnyamata wapashopu tsiku logula foni, ndipo mwini wake sadziwa imelo ngakhale pasiwedi. Ukaifufuta usanafunse, wamutsekera panja mwini foni. Nchifukwa chake pa benchi pathu palibe foni imene imafufutidwa mwini wake asanasonyeze kuti akutha kulowa mu akaunti yake, ndiponso tisanaone komwe manambala ake amasungidwa, kaya mu simu khadi, m'foni kapena ku Google.

Chikhalirecho mafoni ambiri ochedwa safuna n'komwe kufulasha. Kafoni ka malo a 32 GB, mwini wake ali m'gulu la WhatsApp la kutchalitchi, la banja, la banki m'khonde ndi la omwe anaphunzira nawo kusekondale, ndipo kanema aliyense wotumizidwa mmenemo amadzilowetsa yekha. Malo akatha foni imayamba kukwawa. WhatsApp ili ndi pake poonetsa mafayilo akuluakulu ndi omwe atumizidwa kambirimbiri. Ukafufuta amenewo pamodzi ndi mwini wake, n'kuthimitsa kudzilowetsa kwa makanema, foni imapepuka ndipo bandulo imayamba kukhalitsa. Google imapereka malo aulere a 15 GB pa akaunti iliyonse, okwanira kusunga manambala ndi mauthenga a munthu wamba. Foni kapena tabuleti ikamangotulutsa zotsatsa malonda paliponse, timaiyatsa mu safe mode, momwe mapulogalamu oikidwa ndi mwini wake sagwira ntchito. Zotsatsazo zikasiya, wolakwa ali pakati pa mapulogalamu amenewo, ndipo nthawi zambiri amakhala kapulogalamu konamizira kuyeretsa foni.

Makompyuta amabwera ochepa, koma ndi amene amandisangalatsa. Ambiri ndi malaputopu a kaunjika a ana asukulu, ena a ku MUBAS ku Chichiri. Mtsikana wina anafika maso ali ofiira, fulashi ili m'manja. Anapita nayo kukapulintitsa asainimenti, pobwera mafoda onse atasanduka timivi ta shortcut, osatseguka. Kavayirasi kameneka sikafufuta mafayilo, kamangowabisa n'kuika zake pamalo pake. Abwana anandisiyira ndekha. Ndinaiyeretsa kaye ndi antivayirasi, osadina kalikonse mwa timivi tija poti kudina n'kumene kumakadzutsa, kenako ndinatsegula Command Prompt, polembera malamulo mu Windows, n'kulowa mu fulashiyo, n'kulemba attrib -h -r -s /s /d. Mafoda anabwerera onse. "Achimwene, mwandipulumutsa," anatero, n'kuyamba kuwerenga mafayilo ake limodzilimodzi ngati sakukhulupirira. Ndinamuuza kuti azisunganso ntchito yake pa imelo, ndipo laputopu yake aibweretse, chifukwa ngati anaikamo fulashiyo kavayirasiko kali mmenemonso.

China chimene sindikanachiganizira n'chakuti kompyuta yokana kutsegula masamba a pa intaneti, n'kumachenjeza kuti kulumikizana si kotetezeka, mwina yangosokoneza tsiku. Pa bodi pamakhala kabatire kozungulira ka mavoti 3, kambiri kamakhala ka CR2032, kosunga nthawi makina akazima. Kakatha, kompyuta imabwerera zaka zambiri m'mbuyo, ndipo ziphaso zachitetezo za masambawo imaziona ngati zosagwirizana ndi tsikulo. Kabatire kotchipa, koma munthu akhoza kugulitsidwa Windows yatsopano chifukwa cha iko.

Pa machaja a laputopu ndaphunzira kuwerenga kachikwangwani kapansi ndisanalumikize. Ena amatulutsa mavoti 19, ena 19.5, ena 20. Mavoti ayenera kufanana ndi omwe laputopu ikufuna, pomwe ma amp akhoza kuposa koma asachepere. Kungoti kamutu kalowa sizitanthauza kuti chaja n'choyenera. Magetsi athu ndi a mavoti 230, ndipo nthawi yoopsa ndi pamene akubwera atathima, choncho kuzula chaja pakhoma magetsi akangozima n'kwanzeru.

Funso lomwe likubwera kawirikawiri ndi la Windows 10. Microsoft inasiya kuithandiza pa 14 Okutobala 2025, kupatula kwa amene analembetsa ndondomeko yapadera yowonjezera nthawi. Ena anamva ngati makompyuta awo azima tsiku limenelo. Ayi, amayakabe, kungoti zigamba zachitetezo sizibweranso. Windows 11 imafuna kachipangizo kachitetezo ka TPM 2.0, RAM yosachepera 4 GB, malo a 64 GB, ndipo kumbali ya Intel imafuna purosesa ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kupatula zochepa chabe. Malaputopu ambiri a kaunjika safikapo. Ine ndimaona kuti kwa wophunzira amene amangolemba ndi kufufuza pa intaneti, kuchotsa hard disk yakale n'kuikamo yothamanga ya SSD, kenako Linux Mint kapena Ubuntu m'malo mwa Windows, n'kwabwino kusiyana ndi kukakamiza Windows 11 pa makina omwe sangaithe. Abwana sagwirizana nane. Akuti kasitomala akapanda kuona Microsoft Word abweranso mawa lake atakwiya, ndipo pamenepo sindingawatsutse kwenikweni.

Pali mbali ina imene manotsi amangoikhudza pang'ono koma pa benchi ndi yaikulu. Foni yotsegula ili ndi Airtel Money kapena Mpamba, zithunzi ndi zinsinsi za m'banja. Lamulo la abwana n'lakuti simu khadi ndi memori khadi zibwerere kwa mwini wake asanachoke, ndipo pasiwedi alembe yekha ife tikuyang'ana kumbali. Lamulo la dziko la 2016, la Electronic Transactions and Cyber Security Act, limati kulowa m'zinthu za munthu za pa makina popanda chilolezo ndi mlandu. Pa lisiti timalemba IMEI, manambala 15 aja ozindikiritsa foni amene amaoneka ukadina *#06#, kuti pasadzakhale mkangano woti foni yasinthidwa. Wobwera ndi foni yodula, osadziwa pateni, osadziwa akaunti, lisiti alibe, koma akufuna titsegule msangamsanga, abwana amamubweza mwaulemu: "Pepani madala, imeneyi ife sitingaithe."

Panopa ndili pa mutu wa manetiweki, ndipo ukundivutirapo kuposa mitu yam'mbuyo chifukwa pa benchi pathu palibe rauta, kabokosi kogawa intaneti, yoti ndiziyeserera. Ndagwirako kuti kompyuta ikadzipatsa adiresi ya pa netiweki yoyamba ndi 169.254, ndiye kuti yalephera kulandira adiresi kuchokera ku rauta, ndipo poyambira ndi chingwe, Wi-Fi kapena rautayo, osati Windows. Za subnet mask, manambala osonyeza gawo la adiresi loimira netiweki, ndikuziwerengabe ndi pepala ndi pensulo. Abwana alonjeza kuti mwezi wamawa andiyambitsa kuyeza bodi ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, pa mafoni akufa omwe adzaza katoni pansi pa tebulo.