Pomwe tafika pa kuwunika khodi ndi kulemba ma commit

Sabata ino kagulu kathu ka ku Mbare, mu Harare, kakhala kakuwunika ma pull request (mapempho oti khodi yatsopano ilowe mu pulojekiti) a anzathu amene angoyamba kuthandiza pa mapulogalamu a open source, omwe aliyense angathe kuona ndi kukonza khodi yake. Khodi yawo yambiri ili bwino ndithu. Chimene chikubwezetsa ntchito ndi ma commit, zigawo za kusintha zomwe timasunga, chilichonse ndi uthenga wake, mu Git, pulogalamu yosunga mbiri ya khodi.

Vuto lofala ndi commit imodzi yosenza katundu wambiri: kukonza cholakwika, kusintha dzina la function, kuwongolanso mipata m'fayilo yonse. Wowunika amaona mizere yofiira (yochotsedwa) ndi yobiriwira (yowonjezeredwa) yambirimbiri pomwe yofunika ndi yochepa chabe. Tsiku lina `git bisect`, yomwe imasaka commit imene inabweretsa vuto, ikadzaloza commit imeneyo, simudzadziwa chimene chinaphwanya pulogalamu, ndipo `git revert` idzabweza zonse, zabwino zomwe. Kuti mugawe ntchito m'ma commit ang'onoang'ono, gwiritsani ntchito `git add -p`: imakuonetsani kachigawo kamodzikamodzi, mumavomera ndi y, kukana ndi n, kugawa ndi s. Fayilo yonse ikaoneka ngati yasintha pomwe simunaikhudze, kawirikawiri ndi mathero a mizere a Windows, CRLF, omwe alowa m'malo mwa LF. Onani `core.autocrlf`, makonzedwe a Git oyendetsa mathero a mizere.

Mutu wa uthenga wa commit ukhale wa zilembo pafupifupi 50, m'mawu olamula: "Fix crash on empty file", osati "fixed stuff". Pansi pake siyani mzere wopanda kanthu. Mukapanda kutero, Git imatenga ndime yonse yoyamba ngati mutu, ndipo `git log --oneline`, yomwe imaonetsa mndandanda wa mitu ya ma commit, imasokonekera. Mizere yotsatira ithere pa zilembo 72 ndipo inene chifukwa. Chimene chasintha diff (mndandanda wa mizere yosinthidwa) ikuchionetsa kale; chimene singanene ndi chifukwa chomwe njira yakale inkalepherera, ndi chomwe mwasankhira iyi. Mapulojekiti ena, monga Linux kernel, amafunanso mzere wa Signed-off-by wokhala ndi dzina lanu, womwe `git commit -s` imaika.

Wowunika akapempha kusintha, musaunjike ma commit a "fix review". Chitani `git commit --fixup` pa commit yoyenera, kenako `git rebase -i --autosquash` kuti kukonzako kulowe mu commit imeneyo, n'kutumiza ndi `git push --force-with-lease`, yomwe imakana kufufuta ntchito ya mnzanu ngati watumiza zake inu musanazione.

Kuno ku Harare magetsi ndi data sizodalirika, koma kuwunika sikufuna intaneti. Chitani `git fetch` netiweki ilipo kuti mukokere ma commit pa kompyuta yanu, kenako werengani commit iliyonse payokha ndi `git log -p --reverse`, kuyambira yoyamba.