Ndili pa Mastodon tsopano, koma kusankha seva kunandidyera mutu

Anzanga akhala akundifunsa kuti ndinasowera kuti pa X. Ndinasamukira ku Mastodon. Elon Musk atagula Twitter mu Okutobala 2022 pamtengo wa madola 44 biliyoni, ndinaona kuti bwalo lomwe tinkachezera lingasinthe usiku umodzi chifukwa cha maganizo a munthu mmodzi. Mu 2023 dzina lomwe analisintha kukhala X. Zinandiwawa, chifukwa zolemba zathu, mikangano yathu, ngakhale mauthenga a maliro, zonse zinali m'manja mwake.

Mastodon anaiyambitsa Eugen Rochko ku Germany mu 2016. Si webusaiti imodzi ayi. Ndi maseva ambirimbiri (makompyuta osunga maakaunti ndi zolemba za anthu), iliyonse ndi mwini wake, koma zimalumikizana kudzera m'njira yotchedwa ActivityPub. Munthu wa pa seva ina akhoza kukutsatirani n'kumakuyankhani bwinobwino. Kulibe zotsatsa malonda, ndipo zolemba zimabwera motsatira nthawi yomwe zalembedwa.

Ambiri amathamangira ku seva ya mastodon.social poti ndi yaikulu. Ine ayi. Kusankha seva kuli ngati kupempha malo m'mudzi: musanamange, yambani mwadziwa mfumu yake ndi momwe imaweruzira milandu. Woyang'anira seva ndiye amachotsa anthu otukwana, ndiyenso amasankha maseva oti adule nawo ubale. Akhozanso kuona mauthenga anu achinsinsi, chifukwa sakhala obisika kwa iye. Choncho nkhani za ndalama ndi za m'banja sindilemba kumeneko.

Ndinawerenga malamulo a maseva angapo imodziimodzi. Ndinkafuna kudziwa kuti ndalama zoyendetsera zimachokera kuti, komanso ngati eni ake analonjeza kuchenjeza anthu miyezi itatu asanatseke, monga pangano la Mastodon Server Covenant limanenera. Ichi n'chofunika kwambiri, chifukwa mukasamuka, otsatira anu amakutsatani koma zolemba zakale zimatsala. Ndinakhazikika pa seva yaing'ono yomwe woyang'anira wake amalemba poyera ndalama zomwe wawononga n'kupempha amene angathe kuti asonkheko. Munthu wotero ndimamukhulupirira.

Chomwe chinandigwira mtima n'chakuti anthu akumeneko akaika chithunzi, amalemba mawu ochifotokozera kuti osaona nawonso amve. Nditaika chithunzi cha phiri la Mulanje, ndinakhala kanthawi ndikuganiza momwe ndingafotokozere mitambo yomwe inakuta nsonga yake, ndi minda ya tiyi m'munsimo. Mayi wina wosaona anandithokoza, n'kufunsa kuti tiyi amanunkhira bwanji akamathyoledwa.

Zovuta zilipo. Mabandulo otsika mtengo omwe ambiri timagula ndi a WhatsApp ndi Facebook, ndiye Mastodon imadya data ya intaneti wamba. Olemba Chichewa ndife ochepa zedi. Ukafufuza #Malawi umapeza zambiri zili m'Chingerezi. Ndipo wina akanditukwana m'Chichewa, woyang'anira seva yangayo sangamve, mpaka ineyo ndimumasulire chipongwecho pokadandaula. Anzanga ena apita ku Bluesky, bwalo lina lochezera lofanana ndi Twitter, yomwe inatsegulidwa kwa aliyense mu Febuluwale 2024, ndipo sindikuwadzudzula.

Chomwe ndikulakalaka ndi seva yathuyathu, yoyang'aniridwa ndi anthu omva chilankhulo chathu, odziwa kusiyanitsa nthabwala za pachisuweni ndi mwano weniweni. Ndayamba kufunsa anzanga odziwa za makompyuta kuti pamwezi pangafunike ndalama zingati, ndi anthu angati osinthana pa uyang'aniro.