Sipika inkapuma wefuwefu nyimbo isanayambe

Usiku umene ndinazindikira kuti ndagula turntable (makina oimbira zimbale za singano) molakwika, nyimbo inali isanayambe n'komwe. Ndinali nditachotsa nsalu yakutsogolo kwa sipika kuti ndipukute fumbi, ndiye ndinati ndiikeko chimbale chimodzi ndisanaibwezeretse. Nditatsitsa singano m'kanjira koyambirira kaja, kamene sikakhala ndi mawu, ndinaona pepala la sipika yaikulu likulowa ndi kutuluka ngati chifuwa cha munthu amene wangothamanga kumene. Phokoso panalibe. Linkangopuma wefuwefu, ndipo nyimbo itayamba linapitiriza kutero, bass ikumveka yolefuka ngati yaledzera.

Makinawo ndinagula kwa munthu amene anali atawagwiritsapo ntchito, ndipo chimene chinandikopa sindibisa, chinali kulemera. Powanyamula pankafunika anthu awiri. Platter yake, mbale yozungulira imene pamakhala chimbale, inali yochindikala ngati mwala wamphero, mkono wake wautali, wachitsulo chonyezimira. Mumtima ndinkati chinthu cholemera chonchi sichinganame. Ndinamangako cartridge yanga yakale imene ndinkaikonda, kabokosi kogwira singano kunsonga kwa mkono, n'kukhala pansi kudikira zodabwitsa.

Zimene zinkachitika ndi izi. Singano imakhala kunsonga kwa kachitsulo kopyapyala, ndipo kachitsuloko kamagwiridwa ndi kamphira kakang'ono mkati mwa cartridge. Kamphirako kali ngati sipuling'i, ndipo mkono wonse ndi katundu amene wakhala pa sipuling'iyo. Katundu aliyense wotero ali ndi liwiro lake limene amakonda kunjanja nalo, ndipo pa turntable timafuna liwirolo likhale pakati pa 8 ndi 12 Hz, kutanthauza kunjanja maulendo 8 mpaka 12 pa sekondi. Likatsika kwambiri, kupindika pang'ono kwa chimbale kapena phazi la munthu woyenda m'chipinda kumayambitsa kunjanjako, ampulifaya n'kumakukulitsa mokhulupirika ngati kuti ndi nyimbo. Likakwera kwambiri limayamba kulowerera mawu otsika a nyimbo yeniyeniyo.

Masamu ake ndi afupi. Tengani nambala ya kulemera kwa mkono imene opanga amailemba kuti effective mass, muphatikizepo kulemera kwa cartridge ndi timasikuluwu take, zonse m'magalamu. Muchulukitse ndi nambala ya kufewa kwa kamphira kaja, imene imalembedwa kuti compliance. Pezani square root, kenako mugawe 159 ndi yankholo. Kwa ine mkono unali 25, cartridge 7, kufewa 25. Zikupereka 800, square root yake pafupifupi 28, ndipo yankho lomaliza ndi 5.6 Hz. Ndinali nditasenzetsa kamphira kofewa katundu wa bulu. Chenjezo limodzi apa: makampani ena a ku Japan amayeza kufewako pa 100 Hz m'malo mwa 10 Hz, choncho nambala yawo imaoneka yaing'ono kusiyana ndi imene mukufunika kuika m'masamuwa. Ambiri amapusitsika pamenepa.

Ndikanatha kungosintha cartridge, n'zoona. Koma mtima unali utachokapo kale, chifukwa ndinaona kuti sindinasankhe n'komwe, ndinangotengeka ndi maso. Ndinawagulitsa makinawo n'kuyambiranso, ulendo uno mwachifatse.

Munthu ukangoyamba kufunsa za turntable zapamwamba umagwera m'mkangano wakalekale wa lamba ndi direct drive. A lamba amati mota imanjenjemera, ndiye ikhale pambali, mphira yokha ndiyo iziilumikiza ndi platter kuti kunjenjemerako kuzithera m'njira. A direct drive amati mphira imatamuka ndiponso imakalamba, bola platter ikhale pa mota penipeni ndipo liwiro liziyang'aniridwa ndi zamagetsi. Palinso kagulu kachitatu, ka okonda makina akale oyendera kagudumu ka mphira monga Garrard 301 ndi Thorens TD 124 ya mu 1957. Amamveka ndi mphamvu, koma amafuna munthu wokonda mafuta ndi sipanala, ndipo ine si munthu wotero.

Chosangalatsa n'chakuti makina awiri amene amatchulidwa kwambiri pa mkanganowu ndi a msinkhu umodzi. Technics SL-1200 inatuluka mu 1972, itatsogoleredwa ndi SP-10 ya mu 1970. Nthawi yomweyomweyo ku Glasgow, Ivor Tiefenbrun ankayamba kupanga Linn Sondek LP12, ndipo ankalalikira uthenga umene ambiri ankauseka: kuti turntable ndi yofunika kuposa masipika, chifukwa chimene chatayika pa singano palibe sipika ingachibwezere. Pamenepa ine ndimagwirizana naye kotheratu. LP12 imaimika platter ndi mkono pa masipuling'i atatu, nzeru imene Edgar Villchur anaitchukitsa ndi turntable ya AR mu 1961. Ndinaimvetsera kangapo ndipo ili ndi kakomedwe kena kake, nyimbo imayenda mosakakamiza, phazi limayamba lokha kugunda pansi. Chinandibweza n'chakuti masipuling'iwo amafunika kuwatchera bwinobwino, ndipo ntchitoyo imafuna munthu woidziwa. Nditaganiza zomadalira munthu wina nthawi iliyonse ndikasuntha mipando, ndinazengereza.

Amene anandichititsa manyazi ndi a Rega. Kampaniyi, imene Roy Gandy anaiyambitsa ndi mnzake mu 1973, imaphunzitsa zosemphana ndi zimene ine ndinkakhulupirira: thupi la turntable likhale lopepuka koma louma gwa, chifukwa chinthu cholemera chimasunga kunjenjemera n'kumakutulutsa mochedwa. Makina awo apamwamba amaoneka ngati chigoba, ukhoza kuwanyamula ndi dzanja limodzi. Tsiku limene ndinamva imodzi ikuimba ng'oma mwachangu ndi mwaukhondo kuposa chimwala changa chija, ndinasiyiratu kuyeza turntable ndi msana. Sindikunena kuti zolemera n'zoipa ayi, zilipo zabwino kwambiri. Kungoti kulemera pakokha sikukuuzani kanthu.

Popita kukamvetsera ndinkanyamula zimbale zanga zitatu. Chimodzi cha piyano yokha, chifukwa piyano siinama: mawu ake akangoimbidwa sasintha, ndiye liwiro likamagwedera mawu aataliwo amayamba kusambira. Apa samalani kuti musanamizire makina. Chimbale cha maulendo 33⅓ pa mphindi chimazungulira kamodzi pa masekondi 1.8, ndipo ngati bowo lake silili pakati penipeni, mudzamva mawu akukwera ndi kutsika pa kuzungulira kulikonse ngakhale mota ikhale yangwiro. Yang'anani mkono, ukamapita uku ndi uku ngati ukukana, vuto ndi la chimbale. Chachiwiri chinali chopindika pang'ono, chija chinapumitsa sipika yanga. Chachitatu chinali cha woimba wamkazi, ndipo ndinkapempha kuti tiyambe ndi nyimbo yomaliza ya mbaliyo.

Nyimbo yomalizayo ndiyo mayeso enieni. Kunja kwa chimbale kanjira kamadutsa pansi pa singano pa liwiro la masentimita pafupifupi 50 pa sekondi, koma pofika mkati liwirolo limatsika kufika cha m'ma 20. Mawu omwewo amapanikizika pamalo ochepa, timakhotakhota timathinana, ndipo singano yansonga yobulungira imalephera kulowa bwino. Mumamva woimba akamatchula "s" ngati mafuta otentha agweramo dontho la madzi. Singano zosongoka mwaluso, monga Shibata imene inapangidwa ku JVC chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 kuti iziwerenga zimbale za masipika anayi, kapena za mtundu wa microline, zimadutsa pamenepo mosavutika. Kwa makutu anga, kusintha kuchoka pa singano wamba kupita pa yoteroyo kunamveka kwambiri kuposa kusiyana kwa turntable ziwiri zabwino.

Koma singano yoteroyo siikhululuka mukaitchera mwaulesi. Mkono umayenda mokhota pomwe kanjira kanadulidwa ndi makina oyenda molunjika, choncho singano imayang'ana bwino ndendende pamalo awiri okha. M'njira yotchera singano ya katswiri Baerwald, ya mu 1941, malowo ali pa mamilimita pafupifupi 66 ndi 121 kuchokera pakati. Madzulo ena ndinatha maola awiri nditawerama ndi tochi ndi kagalasi kokulitsa, ndikumasula kasikuluwu, kusuntha cartridge pang'ono ngati tsitsi, kumanganso, n'kupeza kuti pomanga yatembenukanso. Khosi linauma. Gulaninso kasikelo kakang'ono ka manambala, musadalire zolembedwa pa chitsulo chakumbuyo kwa mkono. Cartridge zambiri zimafuna magalamu awiri kapena pafupi pamenepo, ndipo amene amapepuza poopa kuwononga chimbale ndi amene amachiwononga, chifukwa singano yopepuka imadumphadumpha n'kumagunda m'mbali mwa kanjira.

Cholakwika china chimene ndinatsala pang'ono kubwereza ndi kuthera ndalama zonse pa makina n'kuiwala phono stage, chipangizo chimene magetsi ochokera ku cartridge amayamba kudzeramo asanakulitsidwe kupita ku masipika. Pa chimbale mawu salembedwa mmene timawamvera. Podula amatsitsa bass n'kukweza mawu apamwamba motsatira muyezo wa RIAA wa mu 1954, kusiyana kwake kufika pafupifupi 20 dB (muyezo wa kukula kwa mawu) mbali iliyonse, ndipo phono stage ndiyo imabwezeretsa zinthu m'malo mwake. Imakulitsanso magetsi ochepetsetsa. Pa mitundu iwiri yaikulu ya cartridge, ya moving magnet imatulutsa pafupifupi 5 mV (mV ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a volt), pomwe ya moving coil nthawi zambiri siifika n'komwe pa theka la 1 mV. Kulumikiza moving coil yodula ku phono stage yongoyerekeza ndi kugula phokoso la "sss". Kumbukiraninso kuti singano imatha, kawirikawiri pakati pa maola 500 ndi 1,000 malinga ndi mtundu wake ndi ukhondo wa zimbale. Ya moving magnet mumangoisolola n'kulowetsa ina, koma ya moving coil imafunika kutumizidwa kwa akatswiri kapena kugula cartridge yatsopano.

Za malo oikapo ndinena mwachidule. Pansi panga ndi pa matabwa, ndipo munthu akadutsa singano inkalumpha. Ndinayesa timiyendo tamphira tosiyanasiyana osaphula kanthu. Shelefu yokhomera pa khoma lanjerwa, yoikidwa ndi levulo, inathetsa zonse tsiku limodzi.

Pomaliza ndinatenga Technics SL-1200G. Anzanga ena anaseka kuti ndagula makina a ma DJ, ndipo ndikumvetsa, chifukwa SL-1200 MK2 ya mu 1979 ndi imene inadzaza malo ovinira padziko lonse. Kampaniyo inasiya kupanga makinawa mu 2010, ndipo itawabweretsanso mu 2016 inasintha mota n'kuika yopanda chitsulo pakati pa mawaya ake, pofuna kuthetsa kugwedeza kwapang'onopang'ono kumene a lamba ankanyoza nako direct drive. Imalemera makilogalamu pafupifupi 18, ndiye mukhoza kunena kuti matenda anga sanatheretu. Koma ulendo uno zifukwa zinali zina. Piyano inaima nji. Kukweza kapena kutsitsa mkono ndimachita ndekha pongotembenuza mkombero wa m'munsi mwake. Mutu wa mkono umachoka, ndiye ndimasunga cartridge ziwiri zotchera kale, ina ya zimbale zabwino, ina ya zakale zokandikakandika zimene sindingayerekeze kuzipatsa singano yodula. Alipo amene amati polumikizira mutupo pamafooketsa mkono, ndipo n'chifukwa chake mikono ya Rega imakhala chitsulo chimodzi kuyambira kumutu mpaka kumbuyo. Mwina akunena zoona. Ine ndinasankha kumasuka kosintha.

Ndisanagule cartridge yatsopano ndinakhala pansi ndi pensulo, masamu aja anandipatsa 9 ndi kanthu, ndipo ndipamene ndinatulutsa ndalama. Nditamanga zonse, chimbale choyamba kuika chinali chopindika chija. Ndinachotsanso nsalu ya sipika dala, n'kugwada pafupi. Pepala linagwedera pang'ono pamene singano inkakwera kaphiri ka kupindikako, kenako linakhala chete mpaka nyimbo itayamba. Chimene chinamveka bwino kwambiri usiku umenewo, kuposa kale lonse, ndi kuthetheka kwa fumbi la zaka zambiri m'tinjira ta chimbale, moti tsopano ndikusunga ndalama za makina otsukira zimbale.